Amene Akunenepetsa Dumisani

Angella anaima kuseri kwa katani, maso ali pakhomo lachitatu la mdadada wa nyumba za lendi ku Chinsapo. Itangokwana 3 koloko, mwana wake Dumisani anatulukira kuchokera kusukulu ali wefuwefu ngati wasenza thumba la makala. Anaponya chikwama pakhonde, nayang'ana uku ndi uku. Kenako analowa m'nyumba ya mayi Olipa osagogoda n'komwe.

"Lero tionana," anatero Angella akumanga chitenje m'chiuno.

Mwana wa zaka khumi, makilo 61. Mwezi watha nesi wa kuchipatala sanamubisire mawu. Khosi lakuda lija si litsiro ayi, ndi chizindikiro choti matenda a shuga ali pakhomo. Mkonono, mawondo opweteka, kupuma movutika akangothamanga pang'ono, zonsezo gwero lake ndi thupi lomweli. Akapitiriza chonchi, adzayamba kubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku asanalembe mayeso a sitandade 8.

Zinamuwawa Angella. Dumisani ali wamng'ono anali woonda, ndipo azimayi a pampopi ankanong'onezana kuti ali ndi kachilombo. Lero azimayi omwewo akumutcha Bwana Mkubwa, n'kumaseka akamadutsa. Anthu a pa lendi sungawakwanitse.

Ndiye anachita zonse zimene nesi ananena. Tchipisi analetsa. Mandasi, zakumwa zotsekemera, mafiriziz a pageti ya sukulu, analetsanso. Shuga anatsekera m'kabati, kiyi n'kumangirira kunsonga ya chitenje. Mbale ya mwana anaichepetsa, ndiwo zamasamba n'kuchulutsa, mavitamini ake a m'botolo osaphonya m'mawa uliwonse kuti asafooke. Mwana ankalira njala mpaka kugubuduka pansi, koma Angella analimba mtima.

Dzulo anamukweza pa sikelo ya mnyamata wa pamsika. Makilo 63.

Apa panalibenso za kuombeza. Alipo amene akumudyetsa mwanayu mobisa, ndipo Angella ankamudziwa. Winanso ndani kupatula mayi Olipa? Chimzimayi cholowa pakhomo cham'mbali, choyendera ndodo, chongokhala m'nyumba tsiku lonse osadziwika chimene chikutafuna. Chiyambanirane nkhani ya chingwe choyanikira zovala chaka chatha, awiriwa sapatsana moni. Sabata ino mayiwo anamuitana kawiri konse, amvekere, "Amake Dumisani, tabwerani ndikuuzeni kanthu." Angella anangotsonya n'kumenyetsa chitseko. Amuuze chiyani munthu amene akumuphera mwana? Tsiku lililonse Dumisani amatuluka m'nyumba imeneyo akupukuta pakamwa.

Angella analunjika kwa mayi Olipa, chitseko anachikankha ndi phazi.

Dumisani anali pampasa, mbale ili pamiyendo. Anadzidzimuka mpaka chakudya chinamutsamwa. M'mbalemo munali nkhaka zoduladula, zowaza kamchere pang'ono.

Nkhaka! Angella sanapusitsike nazo. Anavundukula poto, munalibe kanthu. Anatsegula kabati, anasuzumira mu ndowa, anakoka ngakhale lichero limene linali pansi pa tebulo.

"Mwabisa kuti mandasi?"

Mayi Olipa anali pampando wawo, mwendo umodzi atausanjika pa chigubu. Sanasunthe.

"Mulibe mandasi muno."

"Musandiyese wopusa, amayi inu. Ine ndikumumana mwana wanga chakudya, mtima ukundiwawa, inu muli kuno kumufufumitsa. Mukufuna afanane nanu? Azikanika kulowa pakhomo ngati inuyo? Ngati ana anu anakuthawani, musatolere wanga."

Panja azimayi a pampopi anali atasiya zidebe zikusefukira, aunjikana pawindo. Angella sanasamale. Amve ndithu, adziwe mfiti ya pa poloti pano.

"Amama, agogowa sandipatsa..." anayamba Dumisani.

"Khala chete iwe. Tiye kunyumba."

Anamugwira dzanja n'kumukoka, koma mwanayo anali wolemera kwambiri moti sanasunthe n'pang'ono pomwe. Zimenezi zinangowonjezera ukali wake. Misozi inalengeza m'maso, osati yachisoni, yaukali weniweni.

"Mawa ndikupita kwa a landilodi. Kapena mutuluke ndinu, kapena ndituluke ndine. Mwana wanga sadzabayidwa jakisoni chifukwa cha inu."

"Mwamaliza?" anafunsa mayi Olipa. Mawu awo anali ouma, opanda mantha. "Mwanayu amabwera kuno akunjenjemera ndi njala. Ndimamupatsa nkhaka kuti asakatole zonyansa kumsika. Koma munadzifunsapo kuti njala yotere, yosamva mbale, imachokera kuti?"

"Musandiphunzitse kulera mwana."

"Ndinakuitanani kawiri. Munanditsonya."

Mayiwo anawerama movutika, akupuma ngati mmene amapumira Dumisani. Anakweza chitenje pang'ono. Phazi limene linali pa chigubu lija linalibe zala zitatu. Kenako anapisa dzanja pansi pa mpando n'kutulutsa botolo lopanda kanthu, lofiirira, la chivindikiro choyera.

Angella analizindikira nthawi yomweyo. Anakhala akugula mabotolo otere kwa mayi wina wa mumsika kwa zaka zisanu, chiyambire nthawi ya manong'onong'o a pampopi ija.

"Mwafika potola zinyalala zanga kudzala? Amenewo ndi mavitamini a mwana wanga."

"Si mavitamini awa, mwana wanga. Ndi mankhwala onenepetsa, opatsa njala. Ine ndinamwa omwewa zaka zinayi kuti bambo a kunyumba asandisiye, mpaka shuga anandidya zala izi."

Angella anasiya dzanja la Dumisani. Chichokereni kwa nesi kuja, ankamumwetsa supuni ziwiri m'malo mwa imodzi.