Womaliza Pamzere

Sajeni anapuma usilikali kalekale, koma makutu ake sanapume. Usiku wina, akuchokera kogula mankhwala a mwana, anamva majombo kumbuyo kwake akuponda limodzi ndi mapazi ake. Iye akaima, nawonso ankaima. Anaganiza za akuba, nafumbata botolo la mankhwalawo. Koma wakuba wanji wodziwa kuguba?

Atafika pampata wa nyumba yake, dzanja linamugunda kawiri paphewa.

Kumaphunziro a usilikali anawaphunzitsa zimenezi mpaka kumazilota. Womaliza pamzere amayenda chafutambuyo, kulondera anzake, ndipo akakugunda kawiri ndiye kuti tonse takwana, tiyeni. Kunkhondo womaliza anali mnzake, Wamtali. Tsiku lomwe zipolopolo zinawavumbira pamlatho, Sajeni analiyatsa liwiro osadikira dzanja lija. Wamtali sanapezeke mpaka lero.

Pampata paja Sajeni sanacheuke. Anagogoda, mkazi wake n'kutsegula, koma maso a mayiyo anapitirira kumbuyo kwake.

"Bambo a mwana, osanena bwanji kuti mubwera ndi mlendo?"

"Ndili ndekha. Tseka chitsekocho."

"Nokha? Nanga aataliwo, akubwera chafutambuyowo, ndani?"