Uvuni wa a Nathaniel ndi chimanga cha apongozi

Panali munthu wina ku Goliati, dzina lake a Nathaniel. Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina amene ankapemphera nawo, ndipo ndikuinena monga anandiuzira.

A Nathaniel ankagwira ntchito yosonkhezera moto ku fakitale ya tiyi. Tsiku ndi tsiku ankaponya nkhuni za bulugamu m'ng'anjo kuti tiyi aume, ndipo pa esiteti ponse ankadziwika kuti moto amaudziwa. Ankakhala chikamwini kwa akazi awo a Lestina. Chinali chaka chotsatana ndi njala ija ya 2002, ndipo banjalo linali litakololako. Poopa akuba, chimanga chonse, chawo ndi cha apongozi, anachitonola n'kuunjika matumba m'khitchini yofolera udzu.

Banjali linali la mpingo wa Sabata. Pa Sabata sankaphika, ankadya zophika Lachisanu, ndipo a Nathaniel zozizirazo sizinkawasangalatsa. Tsiku lina anaona uvuni wachilendo kunyumba kwa bwana wa fakitale. Pambali pake panali chipaipi chachitali chodzaza makala. Moto unkayaka pansi pokha, a pansiwo akatha apamwamba n'kumatsika okha, nyama n'kumapsa pang'onopang'ono ndi utsi popanda wousonkhezera.

Anapita kwa alamu awo a Blackson, owotcherera zitsulo pamsika, ndipo iwo anawapangira wotero ndi diramu.

Powapatsa anati, "Alamu, mumvetse. Mukathira makala, chivundikiro cha pamwambachi mutseke kuti gwa. Mpweya uzilowera kabowo ka pansika basi. Mukatsegula pamwamba, chipaipichi chisanduka chumuni, makala onse ayaka nthawi imodzi. Ndiponso muuike pabwalo, kutali ndi udzu."

A Nathaniel anaseka. "Inu alamu, mungandiphunzitse ine za moto? Tiyi amene mumamwa ndi mbatata m'mawa uja amaumitsa ndani?"

"Tiyi wanuyo amapita kunja, ife timamwa fumbi lake," anatero a Blackson. "Koma uwu si wa kufakitale. Uwu ndi moto wogona. Musaudzutse."

Posakhalitsa kunamveka kuti Sabata likudzalo kubwera kwaya yochokera ku Changata. A Nathaniel anaimirira m'tchalitchi n'kulonjeza kuti alendowo akadya kwawo, nyama yake yotentha.

Lachisanu anapha mbuzi. Kunja kunali chiperoni, ndiye anakokera uvuniwo pansi pa khonde la khitchini.

"Bambo a Triza, chakudya chathu chonse chili m'menemo," anatero a Lestina. "Achimwene anati pabwalo."

"Achimwene akowo akufuna makala anyowe? Usade nkhawa, ndikudziwa chimene ndikuchita."

Anaikamo nyama n'kuyatsa moto dzuwa lisanalowe, natseka chivundikiro monga a Blackson anawauzira.

M'mawa wa Sabata anapita kukasuzumira atavala kale suti. Kautsi kankatuluka kochepa, ndipo chitsulo chinali chongofunda. Kufakitale moto wotere ndi wakufa, kapitawo akauona amakukalipira. Anaganiza za alendo aja akutafuna nyama yaiwisi. Anatola kamwala n'kutchinjiriza chivundikiro kuti chikhale chotsegukako.

"Mukugwira moto pa Sabata?" anafunsa a Lestina ali pakhomo.

"Sindinagwire moto. Ndangoupatsa mpweya. Tiye, tichedwa."

Mapemphero ali mkati, kwaya ya alendo ikuimba, analowa a Anesi, oyandikana nawo nyumba, amene sanali a mpingowo. Anali ndi matope a kudimba m'miyendo, ndipo sanadikire kuti nyimbo ithe.

"Mayi a Triza! Khitchini ikupsa!"

Mpingo wonse unathamanga, alendo omwe. Anapeza chipaipi chija chafiira, malawi akutuluka pamwamba pake. Mafuta a mbuzi anali atayakanso, ndipo denga linali litagwera kale pa matumba. Anthu anatunga madzi ndi ndowa, ena n'kumathira dothi, moti nyumba yogona inapulumuka. Koma chimanga chinapsa. Chimene anakokamo ndi khasu chinali chakuda, chonyowa, choti ngakhale nkhuku zinkangochiyang'ana.

A Lestina anakhala pansi osalira. A Blackson anafika pa njinga, anaona kamwala kali pa chivundikiro, n'kukachotsa ndi kamtengo.

Apongozi, amene mwa mwambo sankalankhula ndi mkamwini wawo maso ndi maso, tsiku limenelo anaima patsogolo pawo.

"Bambo, chaka chatha ndinadyetsa ana anu zitsa za nthochi, ndikuwauza kuti apirire, chaka chamawa tikhuta. Pitani mukawauze nokha."



Alendo anabwerera ku Changata osadya. Sabata lotsatira, mkulu wa mpingo analengeza kuti banja lililonse libweretse kambale ka chimanga kothandizira banja lina limene lagwa m'mavuto. Sanatchule dzina, koma panalibe amene anafunsa kuti ndi la yani. A Nathaniel, amene anaimirira pamalo omwewo kulonjeza nyama, anasenza okha thumbalo kupita nalo kwa apongozi. Mayi amene anandiuza nkhaniyi akuti silinafike ndi mwezi wa Disembala womwe, ndipo a Lestina anakalembetsa zothyola tiyi kuti ana adye. Ambuye awakumbukire.

Phunziro: Kudziwa ntchito yako sikutanthauza kuti wadziwa zonse zofanana nayo. Chida chachilendo chikalowa pakhomo, mvera amene anachipanga, ndipo mnzako wapabanja akakuchenjeza usamuyese wamantha. Moto uliwonse uike kutali ndi udzu ndi chakudya cha ana. Abale, musaisunge nokha nkhaniyi, ipatsireni ena, makamaka aja amene amati zonse anaziona kale.