Dzino la Narelle

"Ingolizulani, Dougal, ndikufa ine!" anatero Narelle atagwira tsaya lotupa.

Dougal, dokotala wa mano, anangomupatsa fomu ya masamba khumi. Narelle yemweyo, woona za malamulo pachipatala chawo ku Townsville, ndiye analamula kuti wodwala aliyense aziidzaza asanakhudzidwe.

Anaidzaza misozi ili mbwembwembwe. Atafika pamalo posaina woona za malamulo, Dougal anamugwira dzanja.

"Pepani mayi, tsamba lomaliza likuti munthu sangavomereze fomu yakeyake. Asaine wachiwiri wanu."

"Wachiwiri wake uti? Mukudziwa kuti ndilibe!"

"Musadandaule," anatero Dougal akutsegula kabati mwachifatse. "Fomu yopemphera wachiwiri munatikonzeranso. Ndi ija ya masamba makumi atatu."