Mawanga a pa Sikani

Alamu ake a mayi wina anakweza chithunzi cha sikani pazenera la chipatala. "Taonani, khansa yafalikira achimwenewa. M'masaya, m'mimba, monse mwawala. Abale ndawaimbira kale."

Mayiyo anayang'ana amuna ake, amene anangozyolika. Anapsa mtima. Munthu akupuma, wina wayamba kale kulengeza maliro?

Dokotala analandira chithunzicho. "Izi ndi impso, ichi chikhodzodzo, iti tiziwalo topanga malovu. Mankhwala tinabaya aja amawala m'malo amenewa mwa aliyense. Khansa ndi kadontho aka kokha, pa prositeti, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo."

Namwino anamukankhira mayiyo mpando mwakachetechete. Mayiyo anathokoza Mulungu chamumtima, koma sanakhale.

"Alamu, tulutsani foni ija. Muwaimbirenso onse, ine ndikumva."