Mphete M'dothi Louma

"Dothili lauma kwambiri, bambo," anatero mwini makina ofufuzira zitsulo. "Pakanakhala chinyontho akanamva zakuya. Apa ngogontha."

Mkulu amene anamuitanayo ankafunafuna mphete ya malemu mkazi wake, imene inatayika m'dimba kuseri kwa nyumba. Malowo anali atagulitsidwa, ndipo wogula anamupatsa tsiku limodzi lokha.

Mkuluyo anakhuthula madzi onse amumgolo, nthaka n'kungomeza. Makina analira kamodzi. Anakumba khasu likunjanja, mpaka matuza kuphulika m'manja.

Unali msomali.

"Amako andikana," mkuluyo anauza mwana wake wamkazi amene anaima pambali, maso ali pansi.

M'mawa mwake amisiri anathira konkire pamalo ponsepo. Masana, mkuluyo atakwera galimoto yosamutsa katundu, mvula inayamba kugwa, yabwinobwino, yolowa pansi.