Nyumba Yoitana Mayina

Masiku ano m'tauni ya Limbe mpopi sutulutsa madzi mpaka nyumba itaitana mayina a okhalamo m'mawa, aliyense n'kuyankha yekha.

Yathuyi ndi yakalekale, ya zipupa zochindikala. Inali sitolo ya Mmwenye, kenako bala, kenako tchalitchi. Atangoilumikiza ku makina oitanira mayinawo, inayamba kuitana ndi anthu oti sitiwadziwa, amene ankakhalamo kalekale.

"A Chikaonda, atelala apakhonde."

"Wawa," anayankha mawu pakhonde popanda munthu. Tsiku limenelo madzi anatuluka ochuluka.

"Bambo a Ndaziona, musamayankhire anthu akufa," ndinawauza amuna anga.

"Si ine, mayi. Koma madziwo titunge, mwana asambe."

Tinatunga, ndipo tinazolowera. Ndinayamba kusesa pakhondepo n'kumaikapo kampando, poti mlendo wobwera ndi madzi sapirikitsidwa.

Lero m'mawa nyumba yaitana atelala aja, ayankha. Yaitana ine ndi amuna anga, tayankha. Itafika pa Ndaziona, mwanayo ali chigonere pamiyendo panga, mawu ake enieni amveka kuchokera pakhonde.

"Wawa."

Madzi akutuluka mpaka pano, koma palibe watunga. Ndaziona sanadzukebe.