Mzere Womaliza pa Pepala la Jenifer

Chiperoni chinatsika m'phiri la Mulanje kuyambira m'mawa, ndipo mu ofesi ya a hedi pa sekondale ina yoyendera ku Nkhulambe munkazizira. Patebulo panali mapepala awiri a mayeso a moko a Fomu 4. Funso lomaliza la masamu analikhoza ana awiri okha, okhala desiki imodzi, ndipo mayankho awo anafanana ndendende. Lamulo linali lodziwika: woonera mayeso amachotsedwa sukulu.

Jenifer anaima manja ali kumbuyo. Chiyambire Fomu 1 anali asanachokepo pa nambala wani. Pambali pake Tobias ankanjenjemera m'malaya onyowa. Iyeyu ankafika mochedwa kawirikawiri, atayamba watsitsa nkhuni m'phiri.

"Nkhaniyi ndi yoonekeratu," anatero a hedi. "Tobias, katenge mabuku ako."

"Sindinaonere, a hedi."

"Iwe ungakhoze chimene chakanika kalasi yonse? Unayamba liti?"

"Dikirani."

Anali a Mulipa, aphunzitsi a masamu, amene anabweretsa okha mapepalawo. Chimwalirire akazi awo, mawu awo anali owerengeka, ndipo akanena chinthu sankabwerera. Anatulutsa choko m'thumba nalemba pachitseko: x < −3. Funso linkafuna kudziwa kuti x² ndi 1/x zidzakhala zotani.

Anakweza pepala la Tobias. Linali lofufutafufuta, koma m'mphepete mnyamatayo anali atayesa −6, napeza 36. Ataona kuti 36 yaposa 9, anatembenuza chizindikiro. Anayesanso −1/6, naona kuti ili kufupi ndi ziro kuposa −1/3, natembenuzanso.

Kenaka anakweza la Jenifer, loyera ngati losindikizidwa.

"Werenga mzere wachiwiri."

"x² ndi yochepera 9," anatero Jenifer chapansipansi.

"Wachitatu."

"1/x ndi yochepera −1/3."

"Womaliza."

Mtsikanayo anawerenga. "x² ndi yoposa 9. 1/x ndi yoposa −1/3, koma yochepera ziro."

"Wachulukitsa ndi negetivu osatembenuza chizindikiro. Njira yako ikupita kum'mawa, yankho lili kumadzulo." A Mulipa anam'patsa choko. "Tionetse pamene unakhotera."

Jenifer anayang'ana chitseko. Choko chinagunda thabwa, chinasiya kadontho, chinaima. Kunja madzi ankadontha kuchokera pamalata.

A hedi anasuntha mpando. "A Mulipa, mwana akhoza kuzindikira kumapeto n'kukonza. Zimachitika."

"Akonze pano."

"Mtsikanayu ndiye chiyembekezo chathu cha ku yunivesite. Tiyeni tiwapatse onse chibalo, akalime kumunda wa sukulu, nkhani ithe."

"Tobias walakwanji?"

"Ndiye tingoisiya."

"Mumafuna kumuchotsa posachedwapa. Lamulo lasintha?"

A hedi anawayang'ana nthawi yaitali. A Mulipa sanaphethire. Nkhope anaiumitsa, maso ali pa dzanja logwira choko lija. Ankalipempha mumtima kuti liyende, lilembe chilichonse cholondola. Silinayende.

"Ndinaonera mzere womaliza wokha," anatero Jenifer, misozi ikutsika. "Nthawi inatha. Ndimaopa kubweretsa pepala lolakwa."

"Tobias, bwerera m'kalasi," anatero a hedi. Mnyamatayo anatuluka osatseka chitseko, mphepo n'kulowa.

A hedi anatenga cholembera, koma anachigwira m'mwamba. "Ndikasaina apa, chaka chake chapita. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa."

"A Mulipa, ndi mwana wanu mmodzi yekhayo amene anakusiyirani malemu."

"Sainani."

A hedi anasaina. A Mulipa anavula jekete lawo, anam'funditsa mwana wawo, napita kukatenga njinga kuti abwerere naye kunyumba.